Zitsulo za a Buleki

A Buleki anamwalira akumanga chingwe cha nsapato. Munthu amene anatha zaka zambiri pampando wakutsogolo wa galimoto yophunzitsira, akuyendetsedwa ndi anthu osasiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere, amene anapulumukapo m'ngalande, pamitengo ya magetsi ndi pampanda wa sukulu ya mkaka, anawerama m'mawa wina pabalaza pawo n'kupitirira mpaka pansi. Mkazi wawo anali kukhitchini. Atamva chinthu chikugwa, anafunsa ngati aswanso kapu ina.

Dzina la Buleki anawapatsa ndi ophunzira awo, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankatuluka pakamwa pawo galimoto ikangosuntha. Mkazi wawo, amene anali mlembi pasukulu yomweyo yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ankawaitananso choncho, ngakhale kuchipinda. Iyeyo anthu ankangomutchula kuti Mlembi. Koma maliro atangotha, dzina limenelo linatha nawo. Aliyense anayamba kumuti Anamfedwa, ndi mawu otsitsa, ngati akulankhula ndi dzira.

Anali ndi pakati pa miyezi inayi. Mimbayo anaidikira zaka zambiri, moti a Buleki anali atauza aliyense, kuphatikizapo apolisi apamsewu amene anawaimitsa chifukwa cha nyali yakufa.

Chaka chimodzi asanamwalire, anesi anawachenjeza kuti magazi awo akuthamanga kuposa ophunzira awo. Iwo anapita kukagula zitsulo zonyamula: ndodo yaitali, mbale zake zakuda zolemera, ndi tizitsulo tiwiri tam'manja. Anazinyamula tsiku limodzi, atavula malaya, akudziyang'ana pagalasi la kabati. Mawa lake anadzuka akubuula, nati thupi liyambe lazolowera. Thupi linazolowera kuziona. Ndodo ija inasanduka poyanikira thaulo, mbale imodzi inkatchinga chitseko cha kubafa kuti mphepo isamachimenyetse.

Mng'ono wa malemu anabwera ndi galimoto yonyamula katundu kudzatenga zinthu zoti azikumbukira nazo mkulu wake. Anali munthu woiwala msanga, choncho anafunika zinthu zambiri: wayilesi yakanema, majekete, bokosi la masipanala, mpando wautali wa pabalaza. Atafika pazitsulo anawerama, anakoka, msana n'kulira. Anaweramuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, nati izi zitsale, alamu nawonso akhale ndi chokumbukira.

Amene sanachoke anali apongozi, mayi a malemu. Anafika ndi masutikesi awiri, nati mwana wawo wapita koma wasiya mbewu, ndipo mbewuyo aiyang'anira okha. Analetsa Mlembi kuwerama, kusesa, kufikira chinthu pamwamba, kukwera basi ndi kuseka mokweza, ngakhale kuti kusekako panalibe amene anakuyesa. Kuntchito anam'tengera tchuthi. Iye ankangogona, akuyang'ana denga, miyendo ikutupa, tulo osabwera.

Chimene chinkamuvuta kwambiri n'chakuti anali asanalire. Pamaliro anthu ankamusuzumira kumaso ngati akudikira kuti mpopi utuluke madzi, misozi n'kukana. Apongozi okha ankalira m'mawa, masana ndi madzulo, nthawi yake osaphonya, ngati nkhani za pawayilesi. Akamaliza ankamuyang'ana mpongozi wawo, maso ouma gwa, n'kupukusa mutu.

Tsiku lina masana, akupita kubafa, ulendo umene mayi woyembekezera amaudziwa kuposa wina uliwonse, anapunthwa chala chachikulu pambale ija. Anatukwana mbaleyo, anatukwana a Buleki, anatukwana ndi anesi amene anawachenjeza. Apongozi anali mtulo pampando, pakamwa pali yasa. Mlembi anakumbatira mbale ija pachifuwa n'kutuluka nayo, patapata kuphazi.

Kumapeto kwa msewu wawo, kuseri kwa omata matayala, kunali galaja yakale imene inkatuluka nyimbo m'mawa ndi masana. Inali jimu, malo ochitira masewera olimbitsa thupi, ya amayi okhaokha. Mwini wake, amene onse ankamuti a Kochi, anali mayi wamfupi, wa mapewa ngati chitseko, amene ankasewera mpira wamanja mpaka bondo linawapandukira. Anamuona Mlembi akulowa, wapindika chammbuyo, mimba kutsogolo, chitsulo pamwamba pa mimba.

"Ikani pansi," anatero a Kochi. "Osati choncho. Mukufuna mwana atulukire kumsana?"

Anamulanda mbaleyo ndi dzanja limodzi. Mlembi anafotokoza kuti wabwera kudzapereka, sakugulitsa, kunyumba kwatsala zina, zinali za mwamuna wake amene anamwalira. Anadikira mawu otsitsa aja. A Kochi anangofunsa kuti mwamunayo ankazinyamula kapena ankayanikapo zovala. Atamva yankho anati amuna ambiri ndi otero, theka la zitsulo za m'galajamo zinachokera kumathaulo. Anatuma amayi awiri kuti akatenge zotsalazo madzulo. Kenako anamuyang'ana miyendo, namufunsa kuti anagona bwino liti komaliza. Mlembi sanakumbuke. A Kochi anamuuza kuti akafunse kusikelo ngati angaloledwe kuchita masewera olimbitsa thupi. Anesi akavomera abwere, akakana asaonekenso, chifukwa iwo ndi kochi, si mzamba.

Anesi a kusikelo anamuyeza magazi, anamvetsera kamtima ka mwana, nati mimba si matenda. Achite ndithu, koma zopepuka, ndipo azitha kulankhula chiganizo chonse akuchita. Akamva chizungulire, kupweteka, kapena akaona magazi, asiye pomwepo abwere kuchipatala. Mimba ikakula asamagone chagada. Anamaliza ndi kunena kuti apongozi akaletsa, aziwavomera ndi pakamwa pokha. Sanafunse n'komwe ngati kunyumba kuli apongozi.

Mlembi anauza apongozi kuti wapeza gulu la mapemphero la amayi amasiye. Apongozi anakondwera, nati mwina kumeneko mtima wake ukafewa. Ankamuperekeza mpaka pakhomo. M'chikwama cha Baibulo munkakhala Baibulo ndithu, pansi pake nsapato zothamangira.

Poyamba a Kochi sanamupatse chitsulo chilichonse. Anamuphunzitsa kukhala pabenchi ndi kuimirira osagwira maondo, kupuma mpweya mpaka m'nthiti, ndi kutola chinthu pansi ndi miyendo m'malo mwa msana. Mlembi anadandaula kuti kukhala ndi kuimirira anaphunzira ali wakhanda. A Kochi anati anaphunzira molakwika, ndipo posachedwa azitola pansi munthu wolira, woterera, wolemera tsiku ndi tsiku, amene alibe chogwirira.

Amayi a m'galajamo sankamuti Anamfedwa. Ankamuti Awiri, chifukwa a Kochi ankati akachita kamodzi awerenge kawiri. Nkhani zawo zinali za amuna, mabwana ndi zotupa za kumalo osatchula, ndipo palibe ankatsitsa mawu iye akayandikira.

Tsiku limene anamupatsa tizitsulo tam'manja, anazindikira kuti ndi ta kunyumba kwake. Pogwirira panali tepi yakuda imene a Buleki anakulunga, ndipo kumapeto kwa tepiyo kunali zipsera za mano. Munthuyo sankadziwa kuti m'nyumba muli sizasi. Chilichonse ankadula ndi mano, ngakhale waya. Mlembi anali atakweza dzanja lamanja m'mwamba pamene chinthu china chinamasuka m'chifuwa mwake. Kunatuluka mawu onga a ng'ombe.

"Lirani," anatero a Kochi, "koma chitsulo pansi kaye. Misozi siithyola chala."

Analira atakhala patayala la lole, nyimbo ikulira, amayi ena akupitiriza kunyonyomala ndi kuimirira. Mmodzi anam'ponyera thaulo lonunkha thukuta osamuyang'ana. Atamaliza, mphuno itatupa, a Kochi anamukumbutsa kuti watsala ndi dzanja lamanzere.

Kuyambira pamenepo anayamba kugona ngati mtembo ndi kudya ngati womanga nyumba. Miyendo inaphwa. Tsiku lina anaseka nkhani ya pafoni, apongozi n'kutulukira m'khitchini ndi mpeni kumanja, kuganiza kuti kwalowa munthu. Iwo anaona zonsezi, nati pemphero ndi mankhwala. Ndipo poti sanali munthu wosayamika, m'mawa wina anavala diresi loyera, anatenga buku la nyimbo, nati apita nawo akathokoze abusa a gululo.

Mlembi anayesa zonse. Anati abusa adwala. Apongozi anati ndiye akawapempherere. Anati gululo ndi la amasiye a zaka zochepa. Apongozi anati umasiye ulibe kalasi. Anayenda msewu wonse, anadutsa omata matayala, apongozi akuyamikira kuti mipingo yeniyeni imayamba m'malo onyozeka.

Anaima pakhomo la galaja. Mkati mayi wina wonenepa ankakankha tayala, wina atapachikika pachitsulo akutukwana. A Kochi anatsitsa nyimbo. Apongozi anayang'ana uku ndi uku mpaka maso awo anagwera pandodo yaitali imene inali pakona, ndipo anaizindikira, chifukwa anali atayanikapo thaulo lawo masabata angapo.

Sanakuwe. Anauza mpongozi wawo, ndi mawu ozizira, kuti iyeyo anadyetsa mwana wawo mafuta mpaka mtima unaima, tsopano akufuna amalizenso mdzukulu ndi chitsulo.

 Mlembi anali asanawabwezerepo mawu chiyambire.

"Amayi, mwana wanu mafuta ankawonjezera yekha, ine nditatembenuka. Ndipo akanamanyamula zitsulo izi, mwina bwenzi lero muli kwanu."

 Apongozi anafuna pokhala, nakhala pabenchi. Atapuma anayamba kulankhula, osati kwa mpongozi wawo koma kwa khoma. Anati atsikana a masiku ano amafuna nyimbo ndi nsapato zapadera kuti anyamule chinthu. Iwo anagwira ntchito yochapa pachipatala, ndipo tsiku limene anabereka mwana amene wapitayu, m'mawa wake anali atakweza mitolo ya mabulangete onyowa pamasitepe, popanda wowaombera m'manja. Mwanayo anabadwa wonenepa ngati thumba la simenti.

A Kochi anafunsa mwaulemu ngati mwanayo anavulala ndi mabulangetewo. Apongozi anazindikira kuti adzitchera okha msampha, ndipo anati nkhani yatha, akupita. Anayesa kuimirira. Benchi inali yaifupi, pafupi panalibe chogwira. Anayesanso, anagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo ngati basi yotitimira m'matope, n'kubwerera pansi. Mlembi anadziwa tsopano chimene chinathyola handulo ya chitseko cha kuchimbudzi kunyumba, imene apongozi ankati inali yowola kale.

Palibe anaseka, ndipo zimenezi zinawawawa kwambiri apongozi. A Kochi anakhala pambali pawo, anawasunthira mapazi kumbuyo pang'ono, nawauza kuti mphuno ipite patsogolo pa maondo, akankhe pansi ndi zidendene. Apongozi anaimirira. Anaima choncho kwa kanthawi, buku la nyimbo kukhwapa. Kenako anakhalanso pansi okha, kuti aone ngati sizinangochitika mwangozi.

Pobwerera anaima pachipata. Pamenepo apongozi anati zimene ananena za mafuta zija anazinena ndi pakamwa pa chisoni. Mlembi anati nayenso. Apongozi anati ayi, zakezo zinali zoona, mwanayo ankaba mafuta a m'poto kuyambira ali wamng'ono. Aka kanali koyamba apongozi kumuti iwe, ndipo sanabwererenso ku inu.

Anayamba kupita awiri. Apongozi anakana buluku, ankachita masewera atavala diresi ndi masokosi a malemu. Kwa anzawo a kutchalitchi ankati akuperekeza mwana.

Nthawi itakwana, zitsulo sizinamuchotsere Mlembi ululu ngakhale pang'ono, ndipo anauza aliyense m'chipindamo kuti a Kochi ndi wabodza. Anayenda m'khonde la chipatala, ananyonyomala atagwira bedi, anapuma monga anaphunzirira, ndipo pakati pa kupumako ankaitana mwamuna wake kuti abwere adzaone zimene anayambitsa. Ululu utafika pachimake anangoti, "Buleki, Buleki." Mzamba, amene sankadziwa za banjali, anamuuza kuti kuno kulibe buleki, mayi, kankhani.

Anabadwa mtsikana, wa makutu otambalala ngati zitseko za galimoto zosatseka. Apongozi atamuona anaseka ndi kulira nthawi imodzi, nati makutu amenewa anawabereka kale kamodzi, akuwadziwa.

Mlembi ankaganiza kuti akachira abwerera mwakale msanga. Sizinatero. Thupi limene analiphunzitsa kumvera linasanduka la munthu wina. Mimba inatsala lende, akayetsemula timkodzo tinkadontha, mabere ankawawa, ndipo mwana ankalira ngati akulipidwa. Chisoni chija chinabweranso, cholemera kuposa kale, chifukwa tsopano ankaona makutu a a Buleki tsiku lonse popanda a Buleki oti awaseke nawo. Masiku ena ankakhala pabedi atavala nsapato imodzi, osakumbuka kuti amapita kuti.

Apongozi ankapitabe kujimu okha, n'kumabwera ndi nkhani. Ankanyamula ndowa ya matewera ndi dzanja limodzi, akudutsa dala pamene mpongozi wawo wakhala. Koma ankamuyang'ananso. Tsiku lopita kukayezedwa pambuyo pochira, analowa nawo m'chipinda cha anesi osaitanidwa, n'kunena zonse zimene Mlembi akanabisa: kuti sakudya, akulira m'bafa, ndi za kuyetsemula zomwe. Anesi anacheza naye nthawi yaitali, anamuuza kuti zimenezi zimagwera amayi ambiri, anam'patsa tsiku loti akaonane ndi mlangizi, namulola kuyambanso masewera pang'onopang'ono.

Mawa lake apongozi anam'ponyera nsapato pabedi.

"Dzuka, mwananga. Ine ndinaika mwana, iwe unaika mwamuna. Uyu sanaike aliyense, akufuna mayi woimirira."

Kugalaja a Kochi anamugoneka pamkeka. Panalibe chitsulo, panalibe benchi. Anamuuza kuti apume, amange minofu ya kunsi ngati akuletsa mphepo pamaso pa alendo, kenako amasule. Mlembi anagona pamenepo akumanga ndi kumasula zinthu zosaoneka, pamene pambali pake mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wa diresi ndi masokosi, ankanyamula ndodo ya a Buleki kuchokera pansi mpaka m'chiuno, akumuyang'ana m'mbali. Mwana ankagona m'beseni la pulasitiki pakati pa matayala, nyimbo ikumukhalira bwino kuposa bata la kunyumba.

Zinatenga miyezi. Panali masabata amene sanapite n'komwe, chifukwa mwana anali ndi chifuwa, kapena chifukwa iye sanafune kuona munthu. Anabwerera kuntchito, kumene anapeza kuti pampando wa a Buleki pakhala mnyamata wolankhula mofatsa amene ophunzira sankamuopa, ndipo mpanda wa sukuluyo unali utagwa kawiri. Pang'ono ndi pang'ono anachoka pamkeka, anabwerera pabenchi, kenako pazitsulo. Tsiku lina anakwera masitepe a kuofesi, mwana m'chiuno, chikwama paphewa, mtolo wa mapepala kukhwapa, ndipo atafika pamwamba anazindikira kuti njira yonseyo amakalipira munthu pafoni osapuma wefuwefu.

Mwana atayamba kuyenda chogwira makoma, kunatulukira bambo wina. Anali wokonza mawotchi amene anali atangotsegula kashopu moyang'anizana ndi omata matayala, munthu wowonda, waimvi za m'mbali, wa malaya ositidwa bwino. Amayi awiriwa akamadutsa ankatuluka, n'kupereka moni wautali. Kenako anayamba kuwanyamulira chikwama cha mwana mpaka pakona. Kenako mpaka pachipata. Amayi a kujimu anaona, ndipo Awiri sanapumenso. Ankamufunsa ngati wotchi yake yayambanso kuyenda.

Mlembi ankawakalipira, koma anadzipeza akupesa tsitsi asanapite kokatuluka thukuta. Bamboyo atapempha kuti adzafike kunyumba Loweruka masana chifukwa ali ndi mawu, iye anakonzekera yankho. Linali yankho labwino, laulemu: kuti ndi munthu wabwino, koma mtima wake sunakonzeke, mwina m'tsogolo. Analiyeserera pagalasi. Anavala diresi la buluu limene sanalivale chimwalirire mwamuna wake, kuti pokana aoneke bwino.

Bamboyo anafika ndi jekete, anakhala kumapeto kwa mpando, chipewa pabondo. Anakhosomola. Anati wabwera kwa Mlembi chifukwa ndiye mwini nyumba, ndipo akupempha chilolezo choti azicheza ndi apongozi ake. Anati chiyambire sanaonepo mzimayi wonyamula silinda ya gasi ngati akunyamula mwana wa mbuzi.

Mlembi anati akaone madzi a tiyi. Kukhitchini anatsamira sinki, diresi la buluu lili m'thupi, akuseka mopanda mawu mpaka m'mimba munawawa. Pansi pa kusekako panali kamkwiyo, ndipo kamkwiyoko kanamudabwitsa ndi kumusangalatsa: sankadziwa kuti mwa iye mwatsala munthu woti n'kukhumudwa chifukwa sanafunsiridwe.

Atabwerera ndi makapu anapeza apongozi atakhala moongoka, manja pamaondo, akumuyeza bamboyo ndi maso kuyambira kukhosi mpaka kuakakolo. Anamufunsa kuti amakhala pansi maola angati patsiku. Iye anati ntchito yake ndi yokhala. Anamufunsa kuti magazi anayezetsa liti. Iye anayang'ana chipewa.

"Bambo, ine ndaika amuna awiri, wondikwatira ndi wobereka ndekha. Onse anali okonda mpando. Wachitatu sindikumufuna. Mukayezetse, ndiye mubwere kugalaja. Za kucheza tidzaona mukadzatha kunyamuka pabenchi osagwira maondo."

A Kochi anakana poyamba, nati jimu yawo si malo ofunsirana. Amayi anachita msonkhano pakati pa matayala, ndipo anagwirizana kuti bamboyo aloledwe Loweruka lokha, ayang'ane kukhoma, ndipo zimene amve m'menemo asakazitulutse.

Anabwera atavala buluku la suti ndi nsapato zopukutidwa. Wotchi yake anaivula, anaikulunga m'kampango, naiika pawindo. A Kochi anati bondo lawavuta, ndipo anamupereka kwa Mlembi kuti amuyambitse. Iye anam'khazika pabenchi, anam'sunthira mapazi, namuuza kuti aimirire. Bamboyo anaimirira, maondo akulira ngati zitseko zakale, anakhala, anaimiriranso. Atachita kangapo nkhope inatuwa, ndipo anafunsa mwaulemu ngati pamenepa afika pakati.

Mlembi anayang'ana kwa apongozi, amene anali kutsidya, mdzukulu atawakangamira mwendo, akunamizira kuti sakuona.

"Amayi, akufunsa ngati afika pakati."

"Uwauze kuti ayamba bwino," anatero apongozi, osatembenuka. "Koma awongole msana."